Keke ya Freda ndi Woweruza wa M'kalavani

Ku Marlden aliyense ankadziwa kuti Freda Broadbent anakwatiwa ndi lipenga, mwamunayo anangobwera ngati basela. Ankanena zimenezi ndi mwini wake Freda, pagulu, mwamunayo ali pomwepo. Clifford sankatsutsa. Ankangomwetulira n'kupitiriza kupukuta yufoniyamu yake, chilipenga chonenepa chija woimba amachita kuchifukatira pachifuwa ngati khanda.

Awiriwa anadziwana m'fakitale ya nsalu ya kumunsi kwa mtsinje, akadali achinyamata. Freda anali ku makina oluka, kumene phokoso linali losaneneka moti atsikana ankacheza ndi milomo yokha, mawu osatuluka. Luso limenelo silinamuchoke. Mpaka imvi mbuu, ukamamunena uli tsidya lina la msewu, ankangokuyang'ana pakamwa, mawa lake n'kudzakuyankha pagolosale anthu akumva. Clifford ankasenza mabelo a thonje masana, madzulo n'kumakaimba m'bandi ya fakitale. Nthawi imeneyo fakitale iliyonse ndi mgodi uliwonse m'mapiri muno zinali ndi bandi ya malipenga. Mabwana ankaganiza kuti mlomo umene uli pa lipenga sungakhalenso pa botolo. Sanawadziwe bwino anthu akwathu. Anthuwo ankakwanitsa zonse ziwiri, nthawi zina madzulo amodzi omwewo.

Fakitale inadzatsekedwa, chumuni chake n'kugwetsedwa mudzi wonse ukuonerera, koma bandi inakana kufa. Ukakhala wa ku Marlden, bandi inkakuimbira pansi pa zenera pa Khirisimasi, inkakudikira pakhomo la tchalitchi tsiku la ukwati wako, ndipo ukamwalira inkakuperekeza kumanda ndi nyimbo yapang'onopang'ono, pobwerako n'kuimba yothamanga chifukwa tiyi akuzizira. Clifford anakhala pampando wa yufoniyamu zaka zonsezo. Freda anakalowa ntchito yophikira ana kusukulu, koma ntchito yake yeniyeni inali bandi. Mabatani a mayunifolomu ankasoka ndi iye. Oimba oledzera ankawakweza m'basi ndi iye. Zolemba za nyimbo sankazitha n'komwe, ankati ndi nyerere zoyenda pa waya, koma zimenezo sizinkamuletsa kuuza wotsogolera bandi pamene walakwitsa.

Tsiku la matsiku onse ndi Lachisanu la pambuyo pa Pentekosite. M'mawa ana amavala zatsopano n'kuyenda m'misewu pambuyo pa mbendera za matchalitchi. Masana zopemphera zimaikidwa kaye pambali, mpikisano n'kuyamba. Mudzi uliwonse m'chigwa muno umakhala ndi wake, ndipo mabandi amathamanga pa mabasi kuchoka mudzi uwu kunka mudzi uwo: kutsika, kuguba mumsewu, kuima mozungulira pabwalo, kuimba nyimbo imodzi yogubira, n'kuthamangiranso m'basi zipewa zili m'manja. Woweruza saloledwa kuona kanthu. Amamutsekera m'kalavani, kanyumba kokokedwa ndi galimoto, makatani otseka, ali ndi pensulo, wezulo yoyambitsira nyimbo, ndi ndowa pakona imene ntchito yake sitiitchula. Mabandi amawadziwa ndi manambala okha, kuti pasakhale zoti uyu ndi mphwake wa akazi anga.

Kalavani ya ku Marlden inali ya Freda. Anaigula ndi Clifford kuti azipita nayo kunyanja patchuthi, koma ulendo woyamba mvula inagwa chifikire mpaka tsiku lobwerera, Clifford n'kumayeserera lipenga m'katimo, ndipo Freda analumbira kuti zimenezo sadzazibwerezanso. Chiyambire pamenepo kalavani inkatuluka m'galaja kamodzi pachaka, kukakhala ndende ya woweruza. Woweruzayo analinso mmodzi yemweyo chaka ndi chaka: bambo Selwyn Ormerod, wokonza mawotchi wa kuseri kwa phiri, munthu wamtali, wowonda, mkulu wa mpingo, woti akatola khobidi mumsewu ankagogoda khomo ndi khomo kufunsa mwini wake.

Tsopano nachi chilonda cha Freda. Bandi ya Marlden inali isanapambanepo kanthu pabwalo lakwawo lomwe. Kumidzi ina ankabwerako ndi kenakake, mwina kachikho, mwina ntchafu ya nkhumba, koma pa Marlden dzina lawo silinkamveka mlembi wa komiti akakwera pa lole kuwerenga opambana. Alendo ankakokolola zikho zonse n'kumabayibitsa pamawindo a basi. Clifford ankangoti, "Chaka chamawa," n'kukagula mowa wake. Freda zinkamuwawa mpaka m'mafupa.

Ndiye anapeza nzeru yake. Tiyi wa woweruza ankalowetsa ndi iyeyo, pakazenera ka kumbuyo, dzanja lokha. Mabandi ena akamaimba, tiyiyo ankapita ndi mabisiketi ouma a m'sitolo. Koma akangoona zipewa zobiriwira za Marlden zikutulukira pakona pa positi ofesi, ankavundukula chitini n'kudula chibenthu cha pakini, keke yathu yakuda ija ya jinja ndi manyuchi imene umaiphika n'kuisunga kaye m'chitini kuti inate bwino. Ankadula chapakati penipeni, pofewa. Akachilowetsa pakazenera ankagunditsa khutu kukhoma la kalavani kuti amve ngati woweruza akutafuna mokondwa.

Beryl, mlongo wake wa Clifford, amene ankathandiza kutsuka makapu, sankaleka kumuseka.

"Mlamu, chimenechi anthu amachitcha chiphuphu."

"Chiphuphu cha chiyani? Ndayankhula naye? Ndatchula dzina? Ndi keke chabe iyi. Munthu wanjala amangomva zolakwika zokhazokha."

"Nanga akamaimba anansi athu a ku Ashgill bwanji mumangomupatsa mabisiketi ouma ngati makungwa?"

"A ku Ashgill ali ndi akazi awo. Aphike."

Chaka china anachulutsa manyuchi. Bambo Ormerod mano awo anali ochita kuikirira, ndiye a m'mwamba ndi a m'munsi anagwirana osafuna kusiyana. Bandi inaima pamvula, malipenga ali pamilomo, kudikira wezulo. M'kalavani munangomveka kafwii kofooka, kenako zii, kenako supuni ikumenyedwa pa ketulo. Anayamba nyimbo ndi ketulo imeneyo, theka la bandi litayamba kale kuseka. Freda anati vuto linali la uvuni.

Zaka zinapita zoposa makumi awiri, keke ikulowa, chikho osatuluka. Kenako chifuwa cha Clifford chinayamba kukumbuka fumbi la thonje la unyamata wake. Pokwera chitunda cha kutchalitchi ankaimaima panjira, akunamizira kumanga zingwe za nsapato. Dokotala sanazungulire: lipenga lipume, apo ayi lipumitsa mwini wake.

"Ndiimba la Pentekosite likubwerali, basi ndisiya," anatero Clifford tsiku lina ali pakudya, ngati akunena za nyengo.

"Zikomo Ambuye. Mwina ndidzamvako wailesi m'nyumba muno."

"Udzalisowa iwe."

"Ndidzasowa chiyani? Kukolopa madzi a m'lipenga lako pakapeti?"

Clifford anaseka, kusekako n'kuthera m'kutsokomola. Atapeza mpweya anati, "Chimodzi chokha, Freda. Ndikanakonda nditamva dzina lathu likutchulidwa pa lole ija, kamodzi kokha, yunifolomu ili m'thupi. Osati kwa eni ayi. Pano."

Freda anadzuka n'kukatsuka mbale zoyera kale, chifukwa misozi inali pafupi ndipo sankafuna kuti mwamunayo aione. Mumtima anali atayamba kale kuganiza za batala.

Chapafupi ndi Pentekosite anakumana ndi bambo Ormerod mtauni, pamsika, onse atabisala mvula pansi pa denga la wogulitsa nsomba.

"Mayi Broadbent! Ndakudziwirani dzanja," anatero bambowo. "Nkhope yanu ndimaiona pang'ono chabe akamanditsekera, koma dzanja ilo ndingalilozere pakati pa chinamtindi cha anthu."

"Mukonzeke bambo Ormerod. Chaka chino ndithira batala weniweni, mosaumira. Ndi chomaliza cha amuna anga."

Bambo Ormerod anavula chipewa n'kuyamba kuchitembenuza m'manja. Khosi lawo lalitali linafiira.

"Mayi, ndakhala nazo kukhosi zaka zambiri. Mundikhululukire. Keke yanu ija ndi imene imagwetsa bandi yanu."

"Mwati chiyani? Imakhala yosapsa?"

"Ayi ndithu! Ngakhale malemu mayi anga sankaifika. Vuto ndi lomwelo. Jinja akangondinunkhira ndimadziwa kuti awa ndi a Marlden. Ndiye taganizani, ine mkulu wa mpingo, ndadziwa zosayenera kudziwa, ndadyanso za eni. Manyazi amanditseka makutu, nyimbo sindiimva n'komwe. Ndimati ndikawapatsa zambiri, ndiye kuti yalemba ndi keke. Choncho ndimachotsako malikisi pang'ono kuti mtima ukhale m'malo."

"Pang'ono bwanji?"

"Zimatengera. Ikakoma kwambiri, ndimachotsanso kwambiri."

"Bambo inu! Nanga zaka zonsezi osandiuza bwanji?"

Bambo Ormerod anayang'ana nsomba za pathebulo. "Ikanasiya kubwera," anatero motsitsa mawu.

Freda anakwera basi yobwerera, nsomba ataiiwala kwa wogulitsa. Poyamba anali ndi mkwiyo woti akanatha kuigubuduzira mumtsinje kalavani ija, mkulu wa mpingo ali momwemo. Basi isanafike pamlatho mkwiyowo unasanduka manyazi, ndipo manyaziwo anali olemera kuposa. Iye amene ankadzitama kuti ndiye mzati wa bandi, ndi amene ankaitchera ndale chaka ndi chaka, ndi manja ake omwe, ndi manyuchi ogula ndi ndalama zake zomwe.

Freda sanamuuze Clifford. Anakauza Beryl, amene anaseka mpaka kukhala pansi pamasitepe, misozi ili chuchuchu. Atayang'ana nkhope ya Freda anasiya.

"Ndiye titani, mlamu?"

"Tiyi mulowetsa ndinu. Mabisiketi ouma kuyambira bandi yoyamba mpaka yomaliza. Ine ndisayandikire n'komwe, zovala zanga zonse zimanunkhira jinja."

"Inuyo? Kukhala kutali ndi kalavani? Tidzachita kukumangirirani kumtengo."

Keke anaiphikabe. Manja anali atazolowera, komanso Pentekosite yopanda fungo la jinja m'nyumba ikanamudabwitsa Clifford. Anaitsekera m'chitini n'kuiika pamwamba pa kabati, poti ngakhale iye mwini sakanafikira popanda mpando.

Lachisanulo linafika ndi mvula yake ya nthawi zonse, yogwa n'kusiya, kugwa n'kusiya. Freda anasowa chochita ndi manja ake. Anaima pachingwe chotchingira bwalo pakati pa anthu odya tchipisi, chikwama atachikumbatira, akuona Beryl akuyenda ndi thireyi mwamatama ngati kalavani ndi yake. Mabandi anabwera n'kupita: a kumigodi imene inatsekedwa kalekale, a ana asukulu zipewa zikuwagwera m'maso, ena ochokera kutsidya kwa nyanja. Chakumadzulo mvula inasiya, ndipo pakona pa positi ofesi panatulukira zipewa zobiriwira.

Miyendo ya Freda inayamba yokha kulowera kukalavani. Anachita kugwiritsa chingwe ndi manja onse awiri.

Clifford anaguba nawo mpaka pabwalo, nkhope ili psuu, mapewa akukwera ndi kutsika. Ataima pamalo pake anayang'ana kukazenera ka kalavani monga mwa nthawi zonse, n'kuonako mlongo wake. Anachita tsinya. Maso ake anayendayenda m'gulu la anthu mpaka anamupeza Freda, pamaso pake penipeni. Milomo yake inagwedera popanda mawu, ngati kufakitale kuja.

"Wadwala?"

Freda anayankha ndi milomo yomweyo. "Imba, chitsiru iwe."

Wezulo inalira, yoyera bwino, yopanda manyuchi.

Apa ndi pamene Freda anazindikira chinthu china chimene chinamuchititsa manyazi kachiwiri. Anali asanamumvepo mwamuna wake akuimba pabwalo limeneli. Kunyumba ankamva zidutswa zokha, mzere umodzi kubwerezedwa mpaka mutu kuwawa. Pabwalo khutu lake linkakhala kukhoma la kalavani, kumvera nsagwada za bambo Ormerod.

Pakati pa nyimboyo pali malo pamene malipenga ang'onoang'ono amatsitsa mawu, ng'oma n'kukhala chete, yufoniyamu n'kutsala yokha. Clifford analibe mpweya wofika nawo kumapeto kwa mzere. Sanalimbane nazo. Anaudula pakati, napuma poyera osabisa, n'kuunyamulanso mofatsa ngati munthu wotula katundu n'kumusenzanso. Mawu ake anali akuya, ofunda, osathamanga. Anthu anasiya kutafuna tchipisi. Freda anamva m'menemo fakitale ija, ndi anzawo onse amene bandi inawaperekeza kumanda, ndi mvula ya kunyanja ikugogoda padenga la kalavani. Anamukonda mwamuna wokalambayo kuposa tsiku la ukwati wawo, ndipo analira osabisa, mphuno akupukutira kumkono wa juzi.

Bandi inathamangira m'basi kukaimba kumidzi ina, koma Clifford anatsala. Anakhala pakhoma la miyala pafupi ndi Freda, lipenga lili pamiyendo, akupuma movutikira.  Freda anangomumasula batani la pakhosi.

Dzuwa la nyengo imeneyi limachedwa kulowa, moti bandi yomaliza itatha kunali kukadawala. Bambo Ormerod anapereka manambala awo kwa mlembi, natuluka m'kalavani akuphethira, nkhope ili yanjala.

"Ndiye mwachitadi, mayi Broadbent," anatero atamuona. "Tsiku lonse mabisiketi okhaokha. A Marlden aimba n'komwe?"

"Aimba."

"Nthawi yanji?"

"Si ntchito yanu imeneyo. Mabisiketi anakoma?"

"Ngati matabwa."

Mlembi anakwera pa lole. Oyamba anali alendo. Achiwiri, alendo. Achitatu, ana asukulu aja, amene anakuwa ngati aona njoka. Chikho cha bandi yabwino ya m'chigwa muno chinapita ku Ashgill, inde, a ku Ashgill omwe aja akazi awo saphika. 

"Chaka chama…" anayamba Clifford mwachizolowezi, n'kusiyira pomwepo atakumbuka. Anaweramitsa mutu n'kuyamba kufunafuna chipewa chake.

"Chatsala chimodzi," anakuwa mlembi. "Cha woimba payekha bwino koposa. Woweruza akuti chipite kwa wa yufoniyamu amene anaimba mvula itangosiya." Anayang'ana nambala, n'kuvula magalasi, n'kuyang'ananso. Kenako mawu anabwera onse pamodzi. "Ndi wathu! Marlden! Clifford Broadbent wa Marlden!"

Phokoso lake linaposa la makina oluka. Beryl anagwetsa thireyi ndi makapu omwe. Anthu ofuna kumunyamula Clifford pamapewa Freda anawathamangitsa ndi chikwama, akuti mundiphera munthu. Clifford anayenda yekha mpaka palole, pang'onopang'ono, yunifolomu ili m'thupi. Chikhocho chinali chaching'ono moti dzira likanakwana movutikira, koma anachilandira ndi manja awiri. Bambo Ormerod anangoima kukamwa kuli yasa. "Ndi ameneyu?" anatero. "Zaka zonsezi ndinali naye kuseri kwa katani?"

Atafika kunyumba Freda anakoka mpando, natsitsa chitini pamwamba pa kabati, n'kuulula zonse osapumira: za kumsika, za jinja, za malikisi. Anamaliza ataimirira, mpeni uli m'manja, akudikira kukalipiridwa.

Clifford anaseka mpaka Freda anachita kumumenya pamsana.

"Ndiye wangomva theka," anatero akupukuta m'maso. "Chaka chilichonse ndikaika mlomo pa lipenga ndinkaona mbale ija ikulowa pakazenera. Unayesapo kuimba lipenga malovu ali tho mkamwa?"

"Iwenso? Nanga osanena bwanji?"

"Unkaoneka wokondwa."

Anapukuta yufoniyamu komaliza, naigoneka m'bokosi lake, natseka zotsekera zake chimodzichimodzi. Dzanja analisiya kaye pamwamba pa bokosilo.

"Wandimva lero, Freda?"

"Ndakumva."

Anadula chibenthu chapakati penipeni, chofewa chija chimene zaka zonsezo chinkapita kwa woweruza, n'kuchiika pamaso pa mwamuna wake pambali pa kachikho. Clifford anadya pang'onopang'ono, akupuma pakati, ndipo Freda sanadzuke kukatsuka mbale mpaka atamaliza.